Alpbach, Wengen kapena Bonneval-sur-Arc: mudzi uti wokayambirako ski?

Ambiri posankha kokachitira ski, masewera otsetsereka pa sinowo, m'mapiri a Alps ku Ulaya amayamba ndi kuwerenga makilomita a njira zotsetserekamo amene malo aliwonse amalengeza. Kwa wophunzira kumene nambala imeneyo ilibe phindu, chifukwa sabata yoyamba imathera pa kamtsetse kamodzi kapena tiwiri. Chofunika ndi kukwera kwa mudziwo, mwezi womwe mukupita, komanso mtunda wochoka pomwe mwagona kukafika pomwe aphunzitsi amasonkhanitsira ophunzira m'mawa. Pa zimenezi midzi itatu iyi imasiyana kwambiri.

Alpbach uli m'chigawo cha Tyrol ku Austria, pa mamita pafupifupi 1,000. Ndi wosavuta kufikako: kuchokera pabwalo la ndege la Innsbruck ndi ulendo wosakwana ola pagalimoto, kapena sitima mpaka Brixlegg kenako basi. Lamulo lam'mudzimo la 1953 limakakamiza kuti nyumba zizimangidwa mwachikale, zamatabwa, n'chifukwa chake zithunzi zake zimakopa. Kuyambira 2012 phiri lake linalumikizidwa ndi chigwa cha Wildschönau pansi pa dzina loti Ski Juwel, njira zonse pamodzi n'kupitirira makilomita 100. Vuto lomwe zithunzi sizionetsa ndi lakuti magondola akuluakulu, tizipinda toyenda pa chingwe tokweza anthu kuphiri, sali pakati pa mudzi. M'mawa uliwonse mumakwera basi, mutavala nsapato zolimba za pulasitiki, mutasenza ski zanu ndi za ana. Njira yake ndi kugona ku Inneralpbach, pafupi ndi gondola, kapena kubwereka zipangizo kushopu ya pasiteshoni kuti muzizisiya komweko madzulo. Vuto lachiwiri ndi kutsika kwake. Kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, choncho tsiku lomwe pamwamba pakugwa sinowo, m'mudzi mukhoza kugwa mvula. Makina opangira sinowo alipo, koma amafuna kuzizira kwa pansi pa 0. M'mwezi wa March njira zam'munsi zimalimba ngati mwala m'mawa n'kusungunuka masana, ndipo sinowo wonyowa wotere amalemetsa miyendo.

Wengen, ku Switzerland, uli pa mamita 1,274 ndipo galimoto za alendo sizifikako. Mumazisiya ku Lauterbrunnen n'kukwera sitima yokwera phiri, mphindi ngati 15. Wochokera pabwalo la ndege la Zürich safunikira galimoto n'komwe: sitima kudzera ku Bern, Interlaken Ost ndi Lauterbrunnen, maola atatu kapena kuposerapo pang'ono, koma konzekerani kusintha sitima kangapo muli ndi katundu. Apa ndi pomwe wophunzira amapeza mpumulo weniweni, chifukwa kamtsetse kophunzirirapo kali pakati pa mudzi, mumangoyenda pansi kuchoka kuhotela. Mukazolowera, sitima yomweyo imakukwezani mpaka Kleine Scheidegg pa mamita 2,061, kumunsi kwa phiri la Eiger, kapena gondola kupita ku Männlichen. Ubwino wa sitima ndi wakuti agogo kapena mnzanu amene sakufuna ski amakwera nawo n'kukadya nanu nkhomaliro pamwamba, chinthu chomwe ku Bonneval n'chovuta. Choluma ndi mtengo. Ndalama yake ndi franc, ndipo chakudya cha m'malesitilanti ndi chodula kuposa ku Austria ndi ku France. Nyumba yokhala ndi khitchini ndi kugula zakudya m'sitolo zimapulumutsa zambiri. Pewani pakati pa January, pomwe kumachitika mpikisano wa Lauberhorn, womwe unayamba mu 1930: malo ogona amadzaza ndipo njira zina amazitseka. Tsidya lina la chigwa kuli Mürren, pa mamita oposa 1,600, nawonso wopanda galimoto, koma njira zochokera ku Schilthorn, pa mamita 2,970, ndi zotsetsereka kwambiri. Muusungire ulendo wachiwiri kapena wachitatu.

Bonneval-sur-Arc, m'dera la Savoie ku France, ndi nkhani ina. Mudziwu uli pa mamita 1,800, nyumba zake n'zamiyala mpaka denga, ndipo zikepe zokweza anthu kuphiri zimafika pa mamita 3,000, msinkhu wa Sapitwa ku Mulanje. Njira zake ndi zochepa, makilomita ngati 30, koma sinowo amakhalitsa mpaka April. M'nyengo yozizira msewu umathera pomwepo. Pamapu muona ngati Val d'Isère ili pafupi, komatu mpata wa Col de l'Iseran umatsekedwa nyengo yonseyo, choncho njira ndi imodzi yokha: sitima mpaka Modane, kenako basi yopitirira ola kukwera chigwa cha Maurienne kudzera ku Val Cenis ndi Bessans. Mabasi ndi ochepa, makamaka mkati mwa sabata, ndipo sinowo akachuluka msewu wa pakati pa Bessans ndi Bonneval amatha kuutseka poopa chigumukire. Musagule tikiti ya ndege yonyamuka m'mawa wa tsiku lobwerera. Funani malo ogona ku Tralenta, komwe kuli zikepe ndi sukulu yophunzitsa ski yotchedwa ESF, ndipo pemphani msanga mphunzitsi wolankhula Chingerezi. Usiku kulibe zochitika, mashopu ndi owerengeka, ndipo mu January kumazizira koopsa. Tsiku loyamba ena amamva mutu ndi befu chifukwa cha kukwera. Imwani madzi ambiri, mowa udikire.

Mitundu ya njira imasokoneza anthu. Ku France yophweka kwambiri ndi yobiriwira, kenako yabuluu, yofiira, yakuda. Ku Austria ndi ku Switzerland kawirikawiri amayambira pa yabuluu, choncho yabuluu ina ndi yofatsa, ina ayi. Funsani mphunzitsi musanaitsike.

Posankha, yambani ndi kalendala. Ngati tchuthi chanu chili kumapeto kwa January kapena kumayambiriro kwa February ndipo thumba silolemera, Alpbach ndi woyenera. Ngati ndi kumapeto kwa March kapena pa Isitala, pitani ku Bonneval, kumene dzuwa limakhala litafunda koma sinowo akadali wabwino. Banja la ana aang'ono ndi achikulire osatsetsereka lisankhe Wengen, ngakhale kuli kodula. Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi pakati pa February, pomwe sukulu za ku Britain ndi ku France zimatsekera, mitengo imakwera kulikonse ndipo makalasi amadzaza. Nyumba zambiri amabwereketsa Loweruka mpaka Loweruka. Lembetsani kusukulu ya ski nthawi yomweyo imene mukulipira malo ogona.

Musagule ski, nsapato kapena chipewa choteteza mutu, zonsezi n'zobwereka. Valani sokosi imodzi yaitali phazi lililonse, osati ziwiri, chifukwa zikapindana zimatulutsa matuza ndi kutsekereza magazi, phazi n'kuzizira kwambiri. Zala zikhudze pang'ono kutsogolo mukaima chilili, zibwerere mukapinda mawondo, chidendene chisanyamuke. Nsapato ikapweteka, kaisintheni tsiku lomwelo. Tikiti ya zikepe zonse ya masiku 6 musathamangire kuigula, popeza masiku oyamba mukhala pa kamtsetse ka ophunzira. Mphunzitsi akuuzani tikiti yoyenera. Magalasi akuda ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi ofunika ngakhale khungu lili lakuda, chifukwa sinowo amabweza kuwala kumaso.

Mayiko atatuwa onse ali m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza, ndipo chilolezo chokhala ku Britain sichilowa m'malo mwake. Mumafunsira ku dziko lomwe mukagone masiku ambiri, osati lomwe ndege ikatere: wotera ku Munich n'kupita ku Alpbach afunsire ya Austria. Mtengo wake kwa wamkulu ndi ma euro 90 kuyambira June 2024, ndipo pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike. Inshulansi ya ma euro 30,000 imene amafuna pa viza nthawi zambiri siphatikiza ngozi za ski pokhapokha mutawonjezera. Ku France kutsitsidwa paphiri mutavulala n'kolipira, choncho ngati inshulansi yanu sinena za zimenezi, ku Bonneval gulani inshulansi yotchedwa Carré Neige pamodzi ndi tikiti ya zikepe.