Sitolo imene inandigulitsa betta ndi kundithandiza zipsepse zake zitang'ambika

Mu Epulo ndinagulira mwana wanga wamkazi nsomba ya mtundu wa betta m'sitolo ina yogulitsa nsomba zoweta muno mu Lilongwe, koma pofika pakati pa Juni ndinabwererako ndi chithunzi cha nsombayo pa foni, chifukwa mchira ndi zipsepse zake zinali zitayamba kung'ambika ngati m'mphepete mwa chitenje chakale. Ndikulemba ndemangayi nsombayo itachira, ndipo ndiyamikira sitoloyi pamene ikuyenera kuyamikiridwa, koma sindibisa kuti vuto limene ndinapita nalo kukafuna thandizo linayambira pa kauntala yawo yomweyo.

Sitoloyi ndi yaukhondo, madzi a m'matanki awo ndi oyera, ndipo mbuna ndi nsomba zina za m'Nyanja ya Malawi amazidziwa bwino kwambiri. Ma betta okha ndi amene amawasunga m'timakapu pa shelefu, iliyonse payokha, popeza amphongo awiri akakhala pamodzi amamenyana mpaka kuvulazana. Bambo amene anandigulitsa tsiku loyambalo anandiuza kuti nsombayi sivuta, imakhala m'madzi ochepa ndipo sifuna hita kapena sefa, choncho anandipatsa kambale kagalasi kozungulira ka malita 3, duwa lapulasitiki lobiriwira ndi kabotolo ka chakudya. Mawu awo ali ndi choonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake amasocheretsa anthu. Kwawo kwa betta ndi ku Thailand ndi mayiko oyandikana nako, kumene imakhala m'minda ya mpunga ndi m'madambo osaya, ndipo ili ndi chiwalo chotchedwa labyrinth chimene chimaithandiza kumeza mpweya pamwamba pa madzi. Koma madzi a m'munda wa mpunga, ngakhale ndi osaya, ndi otambalala ndiponso ofunda chaka chonse, ndipo kambale ka malita 3 sikafanana nawo ngakhale pang'ono.

Betta imafuna madzi otentha pakati pa madigiri 24 ndi 28. Mzinda wathu uli pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa mmene m'mawa wa Juni ndi Julayi umalumira. Kambale kaja kankazizira pamodzi ndi chipinda, nsomba inayamba kugona pansi zipsepse itazipinda, chakudya inkachilavula, ndipo m'mphepete mwa mchira munada ngati pepala lopserera. Mwana wanga ndi amene anayamba kuona zimenezi, ndipo tsiku lina asanapite ku sukulu anandifunsa ngati nsomba yake ikumva kuwawa.

Ulendo wachiwiri ndinapeza mnyamata wina pa kauntala, ndipo ubwino wonse umene ndinena za sitoloyi ukuchokera kwa iye. Ine ndinalowa ndikufunsa mankhwala, koma iye anakulitsa chithunzi pa foni yanga, nachiyang'ana kwa nthawi ndithu, kenako anati, "Mayi, musagule kaye mankhwala, tandiuzani madzi mumasintha kangati, ndipo mumawatunga kuti." Nditayankha kuti ndimasintha madzi onse kamodzi pa masabata awiri ndi a pampopi, anandipempha kuti mawa lake ndibwere ndi madzi a m'kambale kaja m'botolo. Anathira madziwo m'kagalasi kakang'ono, nadonthezamo mankhwala oyezera amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, ndipo patapita mphindi 5 madzi amene ankayenera kukhala achikasu anasanduka obiriwira, kusonyeza kuti munali amoniya. Sanandilipiritse chilichonse pa kuyezaku.

Zimene anandifotokozera ndazitsimikizira ndi maso anga m'miyezi yotsatira. Zipsepse za betta zimawonongeka m'njira zingapo, ndipo munthu ayenera kuzisiyanitsa asanathire chilichonse m'madzi. Ngati zang'ambika mowongoka popanda kusintha mtundu, kawirikawiri zakodwa pa chinthu chakuthwa kapena zakokedwa ndi sefa yamphamvu. Ngati zadyeka mozungulira ngati zolumidwa, mwina nsomba ina ikuziluma kapena betta yomweyo ikudziluma mchira. Koma ngati m'mphepete mwada, mwafiira kapena mwayera, ndipo chipsepse chikufupika tsiku ndi tsiku, pamenepo ndi matenda a kuola kwa zipsepse, amene amabwera ndi mabakiteriya nsomba ikafooka chifukwa cha madzi akuda ndi ozizira. Anandichenjezanso kuti mtundu wotchedwa crowntail umabadwa ndi zipsepse zooneka ngati minga, ndipo ena amauthira mankhwala uli bwinobwino. Yathuyi ndi veiltail, ya mchira wautali wolendewera, ndipo inali ndi mavuto awiri nthawi imodzi, kuola komanso kung'ambidwa ndi duwa lapulasitiki lija. Anandiuza kuti ndikadutsitse sokisi yopyapyala ya nayiloni pa duwalo, ndipo nditachita zimenezo kunyumba sokisiyo inakodwa m'malo atatu.

Ndinatuluka m'sitolomo ndi thanki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, popeza betta imadumpha, hita ya mawati 25 yodzizimitsa yokha madzi akafunda mokwanira, choyezera kutentha, sefa ya siponji, mankhwala ochotsa klorini ndi mchere wa m'thanki ya nsomba. Ndalama zake zinaposa kangapo mtengo wa nsombayo, ndipo ndinadandaula mumtima kuti kambale kaja ndinangotayirapo ndalama. Pa zonsezi, hita ndi imene ndikuitamanda koposa, chifukwa yasunga madzi pa madigiri 26 osasinthasintha, ndipo tsiku lachitatu chiyiyikireni nsomba inadzuka pansi n'kuyamba kudya. Sefa ya siponji imayendetsa madzi pang'onopang'ono, zimene zimayenerera nsomba ya zipsepse zazitali, koma kapampu kake kamalira usiku, ndipo ndinachita kukaika pa nsalu yopinda kuti phokoso lichepe. Mnyamatayo anandiuza mosabisa kuti sefa yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya othandiza, amene amadya amoniya, akhazikike mu siponji, ndipo kuti m'nthawi imeneyo ntchito yoyeretsa ndi yanga.

Choncho ndinkachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi pa masiku awiri alionse, n'kuthiramo atsopano ofunda mofanana ndi a m'thanki, nditawadonthezera kaye mankhwala ochotsa klorini. Klorini amaikidwa m'madzi a pampopi kuti ife anthu tisadwale, koma nsomba amaipsereza makha ndi khungu, ndipo zinandipweteka kuzindikira kuti kwa miyezi iwiri ndinkaithira madzi oterowo popanda aliyense wondichenjeza. Mchere anati ndithire supuni yaing'ono imodzi pa malita 4 alionse, nditausungunula kaye, ndipo ndisapitirire masiku 10 chifukwa betta ndi nsomba ya madzi opanda mchere. Anatsindikanso kuti mankhwala amphamvu ndi a pamene kuola kwayandikira thupi kapena pamera zoyera ngati thonje. Wogulitsa amene akubweza kasitomala wofuna kugula mankhwala odula, n'kumuuza kuti ayambe wasintha madzi, ndi wosowa, ndipo ine ndimamulemekeza.

Chimodzi chimene sanachitchule, ngakhale n'chodziwika kwa tonse, ndi kuzima kwa magetsi. Usiku wina wa Julayi magetsi anazima kwa maola angapo, hita inaleka, ndipo ndinafunditsa thanki bulangete n'kutsamiritsa botolo la madzi otentha kunja kwa galasi. M'mawa choyezera chinkasonyeza madigiri 23, ndipo pamenepo ndinaona phindu lina la thanki yaikulu, kuti madzi ambiri amachedwa kuda komanso amachedwa kuzizira. Sitolo yogulitsa mahita mu Lilongwe iyenera kumauza ogula zimenezi asanafunse.

Patatha pafupifupi masabata awiri chiyambireni chisamaliro chatsopanochi, m'mphepete mwa mchira munatuluka kachikopa kopyapyala koonekera ngati pulasitiki yoyera, ndipo ine ndinachita mantha poganiza kuti ndi matenda ena. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp ya sitoloyo, ndipo madzulo omwewo mnyamata uja anayankha kuti, "Musadandaule mayi, chimenecho ndi chipsepse chatsopano, mtundu ubwera pambuyo." Zinachitikadi motero. Pofika mu Seputembala mchira unali utabwerera utali wake, ngakhale mbali imene inamera kachiwiri ndi yopindika pang'ono ndipo kufiira kwake sikufanana kwenikweni ndi kwakale. Nsombayo tsopano imamanga chisa cha thovu pakona ya thanki, imadya timibulu titatu m'mawa ndi titatu madzulo, ndipo madzi ndimasintha kamodzi pa sabata.

Kwa munthu amene betta yake yayamba kudyeka zipsepse, sitoloyi ndingamutumizeko, koma apite ndi chithunzi chooneka bwino ndi botolo la madzi a m'thanki, ndipo apemphe kuti amuyezere amoniya asanagule kanthu. Katundu wawo ndi wabwino, hita ikugwirabe ntchito, ndipo amayankha mauthenga ngakhale malonda atatha kale. Kwa amene akukagula betta koyamba, ndikuti akane kambale kozungulira ndi maluwa apulasitiki ngakhale atamuuza kuti n'zokwanira, chifukwa uphungu wa m'sitolomo umadalira amene mwamupeza pa kauntala tsiku limenelo. Ndinawauza eni ake nkhani yonseyi maso ndi maso, ndi kuwapempha kuti aike chikwangwani pa shelefu ya ma betta chotchula hita ndi mankhwala ochotsa klorini. Anandimvetsera mwaulemu ndipo anapepesa, koma nditapitako sabata yatha kukagula chakudya cha nsomba, timbale tija tinali tidakali pamalo pake pafupi ndi timakapu ta ma betta, ndipo chikwangwani chinali chisanaikidwe.