Ndege yodziyendetsa yokha kapena ya munthu: tikwere iti?

Kwa ife a ku Nkhotakota, kufunika kwa ma drone, tindege topanda woyendetsa m'katimo, n'kosachita kufunsa. Madzi akasefukira cha ku Dwangwa n'kudula msewu wa M5, mankhwala ndi magazi okayezetsa zimangodikira kuti madzi aphwe, pomwe kandege kakang'ono kangathe kuwoloka popanda mlatho. Anansi athu a ku Kasungu adayamba kale: mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula kumeneko malo oyesera ma drone, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy. Pa katundu wopepuka wofunika msanga, ine ndili kumbali ya makina ndi mtima wonse.

Nkhani imasintha tikafika pa ndege yonyamula anthu, monga ya Malawi Airlines yochoka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Johannesburg.

Makina ali ndi ubwino wake, tisabise. Satopa, sawodzera, sanyamula mavuto a kunyumba. Mu 2015 woyendetsa wachiwiri wa ndege ya Germanwings adaigwetsera dala m'mapiri a ku France, anthu 150 n'kutha. Ndiponso ndege za masiku ano zimayenda gawo lalikulu la ulendo zili pa autopilot, makina oziyendetsa okha. Ku China, mu 2023, boma lidavomereza kandege ka EHang konyamula anthu awiri kopanda woyendetsa, ngakhale maulendo ake ndi aafupi.

Koma kompyuta imachita bwino zokhazo zomwe oipanga adaziganiziratu. Pa 15 Januwale 2009 ndege ya US Airways idagundana ndi atsekwe itangonyamuka ku New York, mainjini onse awiri n'kutha mphamvu. Woyendetsa wake, Chesley Sullenberger, adaona kuti kubwalo safikako, adasankha kutera pa mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 adapulumuka. Chiganizo chotere chimafuna munthu woona ndi maso, wodziwanso kuti moyo wake uli momwemo. Tayerekezani ndi Boeing 737 MAX ya Ethiopian Airlines yomwe idagwa itangonyamuka ku Addis Ababa pa 10 Malichi 2019. Chipangizo chimodzi choyezera chidapereka uthenga wolakwika, pulogalamu ya kompyuta ya m'ndegemo yotchedwa MCAS idaukhulupirira n'kumakankhira mphuno ya ndege pansi, oyendetsa akulimbana nayo. Anthu 157 adafa. Imeneyi imandipweteka chifukwa ambiri a kuno popita kunja timadzera ku Addis Ababa komweko.

Ena amati woyendetsa azikhala pansi, aziyang'anira patali. Nanga kulumikizana kukaduka, kapena wina akasokoneza GPS, njira yodziwira pomwe ndege ili? Drone ikagwa titaya bokosi la mankhwala, titumiza lina. M'ndege ya anthu muli amayi anu.

Choncho ine ndikuti ma drone achuluke, afike mpaka kuzipatala zazing'ono za m'mphepete mwa nyanja, ndipo ana athu aphunzire kuwakonza. Koma ndege yonyamula anthu, oyendetsa awiri akhalebe kutsogoloko, kompyuta iziwathandiza.