Mankhwala aulere a ana ku chipatala cha boma, ine ndapereka nyenyezi zitatu

Chaka chino ndapita kawiri ku chipatala chathu chaching'ono cha boma kuno ku Zomba, koyamba ndi kamtsikana kanga ka zaka 4, kachiwiri ndi mchimwene wake wa Fomu 2. Benchi yomweyo, zenera la mankhwala lomwelo, koma mmene ndinatulukira maulendo awiriwa mungayese zipatala ziwiri zosiyana.

Ndiyambe ndi zokoma. Mu February kamwana kanatentha thupi usiku wonse, kusanza, kukana ndi phala lomwe. 6 koloko isanakwane ndinali nditakabereka kale, pa kabaza, buku la kuchipatala m'chikwama (limeneli osaliiwala amayi anzanga, mukayamba kusakasaka lina panja mzere ukukupitirirani). Kudikira kokha ndiye tinadikira, dzuwa mpaka kufika pa benchi, koma atatiitana zinayenda fasiti. Anamubaya chala, kudontheza magazi pa kapulasitiki kaja, posakhalitsa mizere iwiri yatuluka. Malungo. Pazenera anatipatsa LA ndi panado osalipira ngakhale tambala, ndipo bambo amene anali pamenepo ndiwayamike, sanangoponya paketi ayi. Anayang'ana m'buku kuti mwana akulemera 16 kg nkuti, "Mayi, awiri pompano, awiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka masiku atatu akwane. Azimwa atadya, kaya phala la nsinjiro kaya mkaka. Akayamba kusewera musasiye, amalize onse." Tsiku lachitatu kanali katayamba kale kuthamangitsa nkhuku za aneba kkkk.

Ife tinakulira kolokwini woyabwitsa uja, kenako Fansidar, LA anabwera 2007, ndiye ndikamaona mwana akudzuka msanga chonchi sindinyoza. Ku sikelo nakonso sindinalipirepo, akatemera onse, vitamini A, mankhwala a njoka zam'mimba, Thanzi ORS ndi zinki akatsegula m'mimba. Pa ana aang'ono ndithu nyenyezi zisanu ndikhoza kupereka.

Tsopano za mnyamatayu. Ali ndi mphumu, ndipo amene mumakhala ku Zomba mukudziwa mphepo ya mu June ikamatsika kuphiri kuja, usiku chifuwa chake chimalira ngati muluzu, amagona chokhala atatsamira khoma. Tinapita, adokotala anamumvetsera bwinobwino, analemba inhela ya salbutamol m'buku. Kufika pazenera, mawu awiri basi, "Zatha, kagureni." Ndinafunsa kuti zibwera liti achimwene, anangokweza mapewa, ndipo sindikuwada, iwonso sangapereke chimene pa shelefu palibe. Ndiye ife uyo wa kutauni wapansi, mwana akupumira m'mwamba, famase yoyamba alibe, yachiwiri inalipo koma mtengo wake eish, ndalama ya ndiwo ya sabata yonse inathera pomwepo ndipo ya kabaza wobwerera ndinachita kuimbira foni bambo ake anditumizire pa Airtel Money. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo ya ku famase simaloweza, ukapita lero mawa wapeza ina.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti bwanji LA amapezeka koma inhela ayi. Nkhani yake ndi ya amene akulipira. Mankhwala a malungo, ma ARV ndi a TB ambiri amagulidwa ndi ndalama za madona, mabungwe othandiza akunja aja, ngati Global Fund, pomwe enawa, a mphumu, a khunyu, a shuga, amadalira bajeti yathu ya makwacha, kugula kwake kunja, madola osowawa. Ndiye mwana akadwala matenda amene ali ndi dona mwapulumuka, akadwala amgonagona ofuna mankhwala mwezi ndi mwezi, ulere uja umasanduka mwayi chabe. Kuzipatala za mishoni za CHAM mankhwala umatha kuwapeza koma nzolipira, ndipo mgwirizano wawo ndi boma wothandiza mwaulere kwenikweni umakhudza amayi oyembekezera ndi makanda, mnyamata wa zaka 15 sawerengedwa. A inshuwalansi ya zaumoyo ya MASM nawo kwenikweni ndi a anthu a pa payroll, ine wogulitsa zitenje ndilowera pati?

Mlamu wanga ali ku Ontario ku Canada, nditamudandaulira pa WhatsApp anandiuza za OHIP+, imene inayamba pa 1 January 2018. Poyamba aliyense wosafika zaka 25 ankangotenga pepala la dokotala ndi khadi la zaumoyo kupita nazo ku famase, boma nkulipira, mitundu ya mankhwala yoposa 4,400. Mu April 2019 anasintha kuti izikhala ya okhawo amene alibe inshuwalansi ina. Sindikuti tifanane ndi Canada, chuma chake nchosiyana kutalitali, koma chimene chinandigwira mtima nchakuti kumeneko pepala la dokotala limagwira ntchito ku famase ya mtauni. Kwathu kuno chipatala chikati zatha, zimene alemba m'buku zija zasanduka ngongole yako, ndipo ndi pamene anthu amakathera kugula bakitilimu wa pa golosale wouma ndi dzuwa, wosadziwika kuti anatha mphamvu liti, kumamwetsa mwana pa chilichonse.

Ndiye nyenyezi zitatu. Anthu ogwira ntchito ndawakonda, mzere ndi wautali koma umayenda, za malungo ndi sikelo palibe chodandaula. Mukamapita ndi mwana wamkulu tengani kenakake m'thumba, ndipo funsani adokotala mukadali mkati momo ngati mankhwala alembawo alipo kapena pali ena olowa m'malo, mukatuluka kubwereranso nkuyambanso mzere.

Inhela ija ndimaigwedeza pakhutu usiku uliwonse kuti ndimve ngati mwatsala kanthu. Yayamba kupepuka, ndipo July sanafike nkomwe pakati.