Apu yowerengera mitengo ya ntchito za ma AC ndi mahita, ndiyabwino koma pa gasi samalani

Anzanga okonza ma AC (makina oziziritsira) ndi zotenthetsera m'nyumba, apu yopangira makoteshoni yomwe ndikugwiritsa ntchitoyi ndiyothandiza ndithu, makamaka ngati mumatchaja poyang'ana nkhope ya kasitomala kapena kungomva zomwe mnzanu akutchaja nkutsitsako pang'ono.

Chandisangalatsa kwambiri nchoti isanakupatseni mtengo uliwonse imayamba yafunsa ndalama zomwe bizinesi imadya olo tsiku loti simunagwire sipanala, mafuta a galimoto, inshuwalansi, lendi, malipiro a anyamata, kukonzetsa vacuum pump ndi ma gauge. Kenako imafunsa maola omwe mumalipiritsadi, osati omwe mumakhala pantchito ayi. Apa mpomwe ambiri timagwera chifukwa ola lomwe uli pamsewu, lomwe ukusaka kapasita, lomwe wabwerera kukakonzanso chinthu chili pa waranti, palibe kasitomala amalipira koma mnyamata wako umamulipirabe. Ikagawa ndalama zija ndi maola enieniwo, mtengo wa ola umakwera mpaka kuchita nawo manyazi kuutchula, komatu ndiwo woona.

Pa phindu napo imawerengera bwino. Ntchito ikakudyerani 100 inu nkuikapo 30 peresenti nkutchaja 130, phindu lanu pa ndalama mwalandirazo ndi 23 peresenti basi. Kuti ikwane 30 muyenera kugawa 100 ndi 0.7, zomwe zikubwera pafupifupi 143, ndiye apuyi imapanga yokha zimenezo.

Ntchito zodziwika kale ngati kusintha kapasita, contactor, mota ya fani kapena kutsuka makoilo, imakupatsani mtengo umodzi wokhazikika ndipo kasitomala amavomera musanamasule sikuluu. Ndalama yofufuzira vuto imakhala payokha, zomwe zimachepetsa mkangano uja woti "mwangotenga mphindi zochepa bwanji zadula chonchi".

Koma pa gasi woziziritsa wa mu AC ndiye yandikhumudwitsa. Kusaka pomwe gasi akudontha si ntchito yoti unganeneretu nthawi yake, mwina ndi flare nut (nati yolumikizira mapaipi) yomwe ili poonekera, mwina ndi paipi yokwiririka mukhoma, ndipo ukaotcherera ukuyenera kuyesa ndi nitrogen nkupanga vacuum (kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi) mpaka geji ifike cha m'ma micron 500 usanathire gasi wina. Apuyi zonsezo imaziika pa mtengo umodzi ngati kusintha fyuluta. Ine ntchito zimenezi ndimatchaja pa ola, ndipo kasitomala ndimamuuziratu.

Chinanso mtengo wa gasi mu apuyi susintha wokha, muyenera kumaulowetsa nokha. Gasi wa mtundu wa R-22 akuthetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987, R-410A nayenso akuchepetsedwa kutsatira zomwe anagwirizana ku Kigali mu 2016, makina atsopano ambiri akubwera ndi R-32, ndiye mitengo siyikhazikika, mukaiwala kusintha mupezeka mwagulitsa kilo motsika kuposa momwe mwagulira.

Netiweki ikavuta koteshoni siyituluka, zimatopetsa ukakhala padenga kasitomala akudikira pansi. Kulowetsa manambala koyamba kumafunanso kukhala pansi ndi malisiti a chaka chonse, mukangolota manambala nayonso ikupatsani mitengo yolota. Amene muli ndi anyamata angapo ikuthandizani kuti onse azitchaja mofanana, koma ngati mumagwira nokha mutha kuyamba ndi spreadsheet, masamu ake ndi omwewa.