Sola kapena mphepo, malo akumudzi akuyenera chiti?

Amalume anga ali ndi malo pamtunda ku Neno, tsiku lina anandiimbira kuti "mphwanga, kuno mphepo ndiye yosachita kunena, tiike chopukusa magetsi cha mphepo". Ndinawauza kuti dikirani kaye malume, tiunike malowo.

Malo a sola ndi osavuta kuwaona, maso okha akukwana. Ife tili kumwera kwa equator ndiye mapanelo amayang'ana kumpoto, opendekeka madigiri 15 kapena kuposerapo pang'ono, basi onani kuti mtengo wa mango kapena phiri sizikutchinga dzuwa kuyambira 9 mmawa mpaka 3 masana. Dzuwa ndiye tili nalo, nchifukwa chake ku Salima anaikako sola ya mamegawati (MW) 60 mu 2021 ndipo ku Golomoti kuli 20 MW ya mabatire omwe. Koma sikuti paliponse ndi chimodzimodzi ayi, ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chikagwa mu June ndi July mumatha masiku angapo batire ikungolira, pomwe ku Chikwawa ndi Nsanje dzuwa ndi lambiri koma kutentha kwenikweni kumachepetsako mphamvu ya panelo, komanso musaike kudimba, amene anaona Freddy mu 2023 akudziwa komwe madzi amafika.

Mphepo ndiye imapusitsa heavy. Yoti ikuulutsa zovala pachingwe sikuti ingayatse nyumba. Liwiro likatsika ndi theka mphamvu imatsika ka 8, ndiye malo a mphepo ya mamita 3 pa sekondi (3 m/s) ndi a 6 m/s ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Chopukusa chimafuna avareji ya 5 m/s kupita mtsogolo, pa pholo yaitali yopitirira mitengo ndi madenga, ndipo muyenera kuyeza chaka chathunthu chifukwa mwera umaomba nyengo yozizira, miyezi ina kuli zii. Ubwino wake sindingaukane, imagwira ndi usiku womwe, komanso simadya munda ngati mapanelo, chimanga mumalima pansi pake bwinobwino.

Ndiye pali nkhani ya msewu. Panelo mumakweza pa kabaza, ikavuta waya mnyamata wa pa trading akonza, koma bering'i ya chopukusa ikafa mu February, msewu wa ku Neno uli matope okhaokha, mudikira mpaka liti?

Amalume ndawatsegulira Global Wind Atlas ndi Global Solar Atlas, mapu a pa intaneti oonetsa mphamvu ya mphepo ndi dzuwa, pafoni, nzaulere, taona limodzi. Tayamba ndi mapanelo awiri, za mphepozo tikambirana akayeza kaye.