Ufa woyera, gramil kapena mgaiwa: ndi nsima iti imene imathandiza kupewa shuga ndi BP?

Munthu akafika pa chigayo ndi thumba lake la chimanga amafunsidwa funso limene ambirife timayankha mosaganiza kawiri: tikonole kapena tingogaya? Yankho lake ndilo limasankha nsima imene banja lidzadye kawiri pa tsiku kwa mwezi wathunthu, ndipo popeza matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi alowa m'makomo ambiri, funsoli likuyenera kuganiziridwa mofatsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pafupifupi anthu 6 mwa 100 anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Ufa woyera ndiwo wodya ntchito yambiri. Chimanga chimakonoledwa, chimapetedwa kuti madeya achoke, mphale imaviikidwa m'madzi masiku angapo, kenako imatsukidwa ndi kuyanikidwa pa mphasa isanapite ku chigayo, ndipo ufawo umayanikidwanso. Nsima yake ndi yoyera, yofewa ndiponso yosalala pakhosi, ndipo n'zosadabwitsa kuti ndiyo timapatsa mlendo wolemekezeka. Koma zimene zimachoka panjira yonseyi ndizo thupi limazifuna kwambiri. Khungu la njere ndilo lili ndi ulusi umene suphwanyika m'mimba, umene umachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi ndi kuteteza kudzimbidwa, pamene kamtima ka chimanga kali ndi mafuta abwino, mavitamini ndi michere ina monga ayironi ndi zinki. Zotsala mu ufa woyera kwenikweni ndi chakudya chopatsa mphamvu chokha, chimene thupi limachisandutsa shuga mofulumira. Aliyense amene anakonoletsapo thumba la makilogalamu 50 amadziwa mmene limabwerera lopepuka, ndipo gawo lochokalo timapatsa nkhuku ndi nkhumba, zimene zimanenepa bwino nalo.

Gramil ali pakati, chifukwa chimanga chimakonoledwa koma sichiviikidwa. Amasunga michere yochulukirapo kuposa ufa woyera ndipo satenga nthawi kukonza, n'chifukwa chake wafala m'matauni, komabe madeya amakhala atachoka, choncho pa nkhani ya shuga sali kutali kwenikweni ndi ufa woyera.

Mgaiwa ndi njere yonse yogayidwa mmene ilili. Nsima yake imakhalitsa m'mimba, moti munthu amene wadya mitanda iwiri masana safunafuna mandasi kapena chakumwa cha shuga madzulo asanafike, ndipo kumeneku n'kofunika chifukwa kunenepa kwambiri, makamaka kwa pamimba, ndiko khomo lalikulu la matenda a shuga. Akatswiri a zakudya amagwirizana kuti anthu amene amadya mbewu zosakonola kwa zaka zambiri sadwaladwala shuga, matenda a mtima ndi khansa ya m'matumbo poyerekeza ndi amene amadya zokonola, ndipo WHO imalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya ulusi wosachepera magalamu 25 pa tsiku. Mgaiwa ndi wotchipanso, popeza palibe cholipira chokonola ndipo thumba limabwerera lodzaza. Chimene chimaulepheretsa kulowa m'nyumba zambiri si kukoma kwake ayi, koma mbiri yake, pakuti ambiri tinauona ku sukulu zogonera komweko, timaumva za ku ndende, kapena tinaudya m'chaka cha njala, ndipo tinakula tikuuyesa chizindikiro cha umphawi. Ine zimandipweteka kuona banja likulipira ndalama kuti lichotse gawo labwino la chakudya chake pofuna kuti aneba asaliseke.

Ngakhale zili choncho, mgaiwa uli ndi zofooka zimene ouyamikira amakonda kuzidumpha. Chifukwa cha mafuta a m'kamtima, ufa wake suchedwa kununkha ndi kuwawa, makamaka nyengo yotentha, kotero ndi bwino kugayitsa wochepa wa milungu iwiri kapena itatu. Chachikulu koposa ndi chuku. Chimanga chimene sichinaume bwino, kapena chimene chafumbwa ndi anankafumbwe, chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndipo poizoniyu saphedwa ndi moto wophikira nsima. Kukonola, kupeta ndi kuviika kumachotsako gawo lina la poizoniyu, pamene mgaiwa umatenga zonse. Apa ufa woyera umapambana, ndipo tiyenera kuvomereza kuti makolo athu sankaviika mphale popanda chifukwa. Wofuna mgaiwa ayenera kuyamba wakhala pansi ndi lichero, n'kusankha njere zowola, zosintha mtundu ndi zoboola, ndipo ngati chimanga chagulidwa pa msika chikumveka fungo la chinyezi, kuli bwino kuchikonola.

Pali chinthu chinanso chimene ndinachiona pa azakhali anga atauzidwa ku chipatala kuti ali ndi shuga. Anasiya ufa woyera tsiku lomwelo, koma poganiza kuti mgaiwa ndi mankhwala, ankapakula mitanda itatu ikuluikulu ndi kadontho ka ndiwo pambali, ndipo atapita kukayezetsa anapeza shuga akadali wokwera. Mgaiwa ndi chimanga ndithu, ndipo ukagayidwa mosalala n'kudyedwa wambiri umakweza shuga m'magazi. Zinthu zinayamba kusintha namwino atawalangiza kuti theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena khwanya, gawo lina likhale nyemba, nandolo kapena usipa, ndipo nsima ikhale mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chawo, uku akumwa mankhwala awo mosadumphitsa. Pa kuthamanga kwa magazi, mtundu wa ufa uli ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi mchere wa mu ndiwo. WHO imati munthu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, ndipo muyeso umenewu umaphatikiza mchere wa mu usipa wouma, wa m'timibulu tokometsera ndiwo ndi uja timawaza patebulo tisanalawe n'komwe.

Kwa banja limene lili ndi chimanga chake chouma bwino ndi chosungidwa mosamala, ine ndimasankha mgaiwa mosakayika, makamaka ngati m'banjamo muli kale wodwala shuga kapena BP. Kwa amene pakhosi pawo sipanazolowere, njira imene inathandiza kwathu ndi kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa mu ndowa imodzi, kuyambira theka ndi theka, kenako n'kumawonjezera mgaiwa nthawi iliyonse tikapita ku chigayo. Ana anadandaula mlungu woyamba kuti nsima yada, koma pofika mwezi wachitatu tinasiyiratu kukonoletsa.