Makonirodi opepuka mu Beetle yanga, chaka chikutha tsopano

Mnzanga amene akumanga injini ya VW Kombi wandifunsa ngati nayenso agule makonirodi (zitsulo zolumikiza pisitoni ndi crank) opepuka a H-beam, otchedwa choncho chifukwa thunthu lake limaoneka ngati chilembo H, ngati amene ndinaika mu VW Beetle yanga chaka chatha. Pa WhatsApp ndangomuuza kuti ayambe wadikira, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Galimoto yanga ndi mwa zija zinkapangidwa ku Uitenhage, ku South Africa, mpaka 1979. Injini inali ya 1600cc, ndiye tinaikuza kufika 1776cc poika mapisitoni a 90.5mm, koma crank (chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa) tinasiya yomwe ija ya stroke ya 69mm, ndiwo mtunda umene pisitoni imayenda. Makonirodiwo ndi a chitsulo cholimba chotchedwa 4340, otalika 137mm ngati akale, pini yolumikizira ku pisitoni ya 22mm. Ndinaitanitsa kwa wogulitsa wina wa ku Johannesburg.

Zabwino zake sizichedwa kunena. Pa sikelo onse anayi ankalemera pafupifupi mofanana. Mabawuti ake sanamasukepo. Popeza crank si ya stroke yaitali, sitinapale paliponse m'kati mwa injini kuti akwane.

Vuto linayamba m'nyengo yotentha. Injini ikazizira inkalira bwinobwino, koma ndikakwera phiri lochokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, kumbuyo kunkamveka kaphokoso ka "tiki tiki", makamaka ndikachotsa phazi pa mafuta. Injini izi zimazizira ndi mphepo ndi oyilo basi, choncho zikatentha chilichonse cholowa moseweraseweramo chimadziulula. Tinayeza mavalavu, onse ali pa 0.15mm monga kuyenera. Tinasintha oyilo. Kaphokoso osachoka. Amakaniko anga, bambo achikulire amene anakulira pa Kombi, anaika sikuludiraiva pa injini, khutu kuchigwiriro, n'kunena kuti ndi nambala 3, silinda imene eni Beetle amaidziwa kuti imatentha kuposa zinzake.

Mwayi wake injini ya Beetle imatsika mosavuta, mabawuti anayi okha oigwira ku giyabokosi. Titachotsa silinda ndi pisitoni tinapeza kuti bushi ya kumutu kwa konirodi, mphete imene pini imalowamo, yazungulira m'malo mwake, bowo lolowera oyilo latsekeka, pini yayamba kudyeka. Titayeza mabushi enawo, imodzi inali yothina, ina yolekera. Kunja chitsulo chonyezimira ngati cha m'sitolo ya mphete, m'kati ntchito yothamangira.

Wogulitsa uja poyamba anati vuto ndi amene anamanga injini. Nditamutumizira zithunzi ndi miyezo anakhala duu. Kenaka anavomera kutumiza mabushi atsopano ulere, koma yonyamulira ndi msonkho wa pa boda zikhale zanga. Ndalama imeneyo inkaposa mtengo wa mabushiwo, ndiye ndinangopita kwa wosula zitsulo konkuno, anandiikira ena n'kuwapala molingana ndi pini iliyonse. Pini yatsopano, magasiketi, oyilo ndi ya amakaniko zonse zinatuluka m'thumba mwanga.

Chichokereni pamenepo kaphokoso kulibe. Tsiku limene msewu wa ku Zomba uli pululu, injini ikukwera marevu (liwiro limene imazungulira) mosakakamira, ndimati ndinagula chinthu. Koma ndikakhala pansi ndi malisiti mtima umatembenuka. Kupepuka kwa konirodi kumathandiza pa marevu apamwamba, chifukwa mphamvu yokoka mabawuti ndi ma bearing imakula kanayi marevu akawirikiza kawiri. Ine sindifikako kumeneko, ndipo kuthamanga kumene ndimamva kwachokera ku mapisitoni aakulu ndi camshaft. Makonirodi a VW enieni ndi osulidwa, olimba. Akanangowaika mabushi atsopano n'kuwalinganiza kulemera, akanakwanira pa 1776.

Amene akumanga injini za 2110cc kapena 2276cc ndi crank ya 82mm, amenewo agule, koma asanamange apite nawo kokayezetsa mabowo onse awiri. Mnzanga wa Kombi, yonyamula katundu pa marevu otsika, ndalama yakeyo aike pa oil cooler (choziziritsa oyilo) yabwino ndi mahedi a masilinda. Ndipo nambala ya wogulitsa uja sindimupatsa.